Nyimbo Zako Si Zoyatsira Mbaula

Zingwangwa,
Lamulungu masana.

Sesiliya mwana wanga,

Iwe wapita ku Misesa kukatsanzika azakhali ako, amayi ako ali kuseri akusita zovala zako, ine ndakhala pakhonde pano ndi pensulo yanga ya ku ntchito. Bolopeni ndaifunafuna nyumba yonse osaipeza, ndiye upirire ndi zilembo za kalipentala. Ndikulemba chifukwa kuyankhulana kwatikanika. Masabata atatu tsopano iwe ndi ine tikungopatsana moni ngati alendi okumana pa mpopi. "Mwadzuka bwanji, Baba?" "Ndadzuka." Basi, aliyense njira yake. Mawa m'mawa ukukwera basi ya kumpoto kukayamba ntchito yako yopima magazi pa chipatala cha mishoni, ndipo sindikufuna kuti uchoke pakhomo pano zinthu zili chonchi.

Lero m'mawa tisanapite ku Misa ndinalowa m'khitchini kufuna madzi ometera. M'katoni ija amayi ako amasungamo mapepala oyatsira mbaula ndinapezamo makope ako anayi a nyimbo. Lachikuto chobiriwira lija lathothoka kale masamba, kaya asanu kaya asanu ndi limodzi. Nditawafunsa amayi ako anati, "Anaikamo yekha mwana wanu, akuti mapepala atha ntchito. Ine tizilembo take timeneto ndimadziwa kuwerenga ngati?" Kenaka anandiyang'ana mmene amandiyang'anira muja n'kunena kuti, "Ndipo musandifunse ine, bambo a Sesiliya. Mudzifunse nokha." Ndiye kuti tiyi amene ndakhala ndikumwa sabata ino wawira ndi nyimbo zako. Makopewo ndawachotsamo, ndawakulunga m'jumbo, ali pamwamba pa sutikesi yako. Sindinawalowetse m'kati. Kuwatenga kapena kuwasiya ndi kwako, koma uyambe wawerenga kalatayi mpaka kumapeto.

Chimene chakufikitsa pamenepo ndikuchidziwa, ndipo ndichilemba momwe chinachitikira kuti usaganize kuti ndaiwala kapena ndikuzemba. Linali Lachinayi lija mphakati unasonkhana kwathu kuno. Titatha mapemphero, azimayi anakukakamira kuti uyimbe nyimbo yako yatsopano ya zopereka, ya Misa ya m'Chisena imene wakhala ukuipeka zaka zitatu zonsezi, uku ukuyenda makomo a azimayi achikulire akwathu kuti akukonzere mawu. Unaima pafupi ndi chitseko ndi anzako awiri, munayimba. Nthungululu inalira, amayi ako akupukuta m'maso ndi chitenje. Ndiye iwe unatembenukira kwa ine ukumwetulira, pamaso pa anthu onsewo. "Baba, mwaimva bwanji?" Ine ndinati, "Phokoso lokhalokha. Ntchito wapeza, zachibwanazi zithe. Mapanga awiri avumbwitsa." Sunalire. Unangoti, "Zikomo, Baba," n'kuyamba kutolera makapu.

Ndinalakwa, mwana wanga. Ndalemba ndi pensulo koma sindifufuta. Ntchito ukaigwire ndi manja awiri, koma nyimbo zako usazitaye. Ndikudziwa kuti mawu amenewa akuchoka m'kamwa momwemo munachoka enawo, ndiye sungawakhulupirire msanga. N'chifukwa chake ndikufuna ndikuuze zimene ndinachita ndi ulimba wa agogo ako, nkhani imene pakhomo pano mumangoidziwa theka.

Agogo ako aamuna sunawadziwe bwino. Unali sitandade 3 pamene anabwera kuchokera ku Nsanje kudzagonekedwa ku chipatala chachikulu. Kwathu anali katswiri wa ulimba, ukwati popanda iwo anthu ankati wazizira. Ulimba ndi matabwa a mlombwa oyalidwa motsatana, kuyambira aakulu mpaka ang'onoang'ono, pansi pake zikho, ndipo amawomba ndi timitengo ta mphira kumutu. Pobwera kuno zikho anazisiya kumudzi, koma matabwawo anawakulunga m'chiguduli n'kuwanyamula, poopa kuti akachoka wina awasonkhera moto. Tsiku lolowa m'chipatala anandipatsira chigudulicho. "Sunga," anatero, "ndikatuluka ndiwapeze."

Ine ndinachimasula. Kwa diso la kalipentala anali matabwa omvetsa manyazi: akuda bii ndi utsi ndi thukuta, lina lopindika, lina lokhuthala mbali imodzi, kunsi kwake kuli maenjemaenje a kasemasema, lina analimata kampira ka phula kunsonga. Nthawi imeneyo ku kampani kwathu ku Chirimba anali atangondikweza kumene kuti ndizigwira mashini opalira matabwa, ndipo mapewa ndinkayenda nawo m'mwamba. Ndinati, bambo anga, mwana wawo ali kalipentala mu Blantyre muno, aziyimbira pa nkhuni? Ndinakwera nawo minibasi. Nthawi ya lanchi ndinadutsitsa thabwa lililonse pa mashini, pamwamba ndi pansi, ndinadula nsonga ndi sikweya kuti zilingane, phula lija ndinalipala, sandipepa, vanishi kawiri. Anzanga anandizungulira. "Akulu, apa ndiye mwabaya, madala akaona avina." Ndinabwera nawo kunyumba akunyezimira, mtima wanga uli mbee.

Atatuluka m'chipatala, titadya, ndinayala mphasa pabwalo pompa, n'kugoneka matabwawo pa mitolo iwiri ya udzu. Agogo ako anawayang'ana nthawi yaitali osawakhudza. Kenaka anatenga kamtengo kawo. Anawomba loyamba, gu. Lachiwiri, gu. Lachitatu chimodzimodzi, ngati munthu akugogoda chitseko cha chimbudzi. "Wachita chiyani?" anafunsa. Ine ndinati, "Ndawakonza, Baba." Anatembenuza thabwa limodzi, n'kuyendetsa chala pamene panali maenje paja. "Mawu amakhala umu," anatero. "Zimene iwe unaziona ngati zilema ndinasema ndi bambo anga. Kusema pang'ono, kuwomba, kumvera. Kusema pang'ono, kuwomba, kumvera. Thabwa limodzi mwezi wathunthu." Kenaka anati, "Wapanga mashelefu abwino, mwananga." Sanakalipe. Bola akanandimenya ndi thabwalo, ndikanagona tulo.

Ukumva, Sesiliya? Ine sindinawononge ulimba chifukwa chodana nawo. Ndinauwononga ndi luso la ku ntchito, ndikuganiza kuti ndikuchita zabwino. Kumene ukupitako akakuphunzitsa kuti chilichonse chikhale pa muyezo, chikhale ndi nambala, chikhale ndi phindu looneka. Uwamvere, magazi a munthu si masewera. Koma tepi ya ku ntchito usakaitengere ku nyimbo zako. Akakuuza kuti, "Izi zikukupatsa chiyani?" Ena akakuuza kuti uzisalaze zimveke ngati za pa wailesi, uchotsemo kugwedera kwa mawu kuja kwa azimayi akwathu, uikemo kiyibodi. Pamene pakuoneka ngati pokhota m'nyimbo yako, usafulumire kupawongola. Uyambe wafunsa amene anakuphunzitsa.

Cholakwa chachiwiri ndi chimene chimandiwawa kuposa choyamba. Agogo ako anakhala nafe miyezi iwiri akupezako mphamvu. Tsiku lina anandiitana. "Zachitika zachitika," anatero. "Peza zidutswa za mlombwa, undipatse Loweruka lako. Tisemanso ena, khutu langa likadalipo." Ndinavomera, mlombwa ndinabweretsa. Koma sabata yomweyo ku kampani kunabwera oda ya madesiki a sukulu, ndipo foromani anapempha kuti tizibwera Loweruka. Ndikanatha kukana Loweruka limodzi pa awiri alionse. Anzanga ankakana chifukwa cha ukwati, ena chifukwa cha mpira, palibe anachotsedwa. Ine sindinakane. Ndinkakonda kumva foromani akunditchula kuti ndine wodalirika, komanso, ndinene zoona, ndinkachita manyazi kukhala pansi moyang'anizana ndi bambo anga. Ku mashini kunali kosavuta kubisalako.

Loweruka lililonse m'mawa ndinkawapeza pakhonde pomwe ndakhala panopa, chipewa kumutu, kasemasema atakanola kale. Ine ndikumanga nsapato ndinkati, "Sabata yamawa, Baba, odayi yatsala pang'ono." Iwo ankangoti, "Pyadidi," kutanthauza kuti chabwino. Loweruka lachisanu ndi chitatu ndinanenanso zomwezo. Anapukusa mutu. "Nkhabe, mwananga. Ndiperekeze ku basi." Anapita kumudzi, ndipo mvula isanagwe tinalandira uthenga wa maliro. Zengerezu adalinda kwawukwawu, ndipo Zengerezu wake ndine amene ndikukulembera. Madesiki aja pano ndikhulupirira anathyoka kalekale, ana anakhalira mpaka misomali kutuluka.

Ndiye tamvera. Ntchito yolembedwa sikhuta. Ukaipatsa Loweruka ifuna Lamulungu, ukaipatsa masana ifuna ndi madzulo omwe, ndipo sichita zimenezi mwankhanza, imakuyamikira uku ikukudya. Mawu amene ndikuwaopa pakamwa pako ndi akuti "ndikakhazikika". Ndikakhazikika ndiyambiranso, ndikapeza nyumba yabwino ndiyambiranso, akanditsimikiza pa ntchito ndiyambiranso. Ine ndakhala ndikukhazikika zaka zoposa khumi. Sabata yoyamba yomweyo, asanakuzolowere kuti ndiwe mtsikana wosakana, usankhe nthawi yako ya nyimbo. Kaya ndi Loweruka masana, kaya ndi ola limodzi m'mawa usanasambe, ikhale yodziwika ngati nthawi ya Misa. Wina akadwala mwadzidzidzi pita, pamenepo palibe kukambirana. Koma kusinthana mashifiti ndi aliyense amene ali ndi ulendo wa ku tauni, ayi. Uphunzire kunena kuti, "Pepani, nthawi imeneyo ndili ndi zochita," osafotokoza zambiri.

Tsopano ndikuuze mbali inayo, kuopa ungatenge mawu anga n'kukathamanga nawo kolakwika. Chala changa chakumanzere chodukachi, nonse mumadziwa kuti mashini anaterereka. Mashini sanaterereke. Titabwera ku maliro a agogo ako, chisoni chinandigwira ngati misala. Ndinati ndisema ndekha ulimba, ndiwapepese. Koma m'malo mopatula nthawi kunyumba, ndinayamba kusemera ku kampani, kuseri kwa mulu wa matabwa, nthawi ya abwana. Foromani akatulukira ndimabisa, akachoka ndimatulutsa. Ngakhale ndili pa mashini, mutu unali ku matabwa anga. Tsiku lina ndikukankha thabwa la felemu uku ndikung'ung'udza nyimbo ya agogo ako, kuyesa kukumbuka kuti thabwa lachinayi linkalira bwanji. Ndinangoona magazi pa utuchi.

Nditabwerako kuchipatala ndinapeza foromani atafukula zonse zimene ndinabisa, ataziyala pa benchi. "Achimwene," anatero, "pano ndi pa kampani, si pa dansi. Lero ndi chala chanu, mawa ndi dzanja la mnzanu. Ndikadzazionanso izi, geti ndi iyo." Ankanena zoona munthu uja, Mulungu ause mzimu wake. Koma ine phunziro ndinalitenga chadodolido. M'malo monena kuti ndalakwa posakaniza nthawi, ndinati wolakwa ndi ulimba. Ndinaponya zonse kudenga n'kulumbira kuti m'nyumba mwanga simudzamvekanso zoyimbayimba.

Iwe ntchito yako ndi yoopsa kuposa yanga. Ine ndikalakwitsa, thabwa limatayidwa. Iwe ukasokoneza timabotolo tiwiri chifukwa mutu uli ku nyimbo ya zopereka, munthu wabwinobwino akauzidwa kuti akudwala, wodwala akauzidwa kuti apite kwawo ali bwino, banja la eni ake likapasuka. Kope la nyimbo lisalowe m'chipinda chopimira, ngakhale m'thumba la yunifolomu. Nyimbo ikakubwerera uli pa ntchito, ndikudziwa kuti zimabwera osagogoda, uidikiritse mpaka nthawi ya tiyi, uing'ung'udzire mu foni kamodzi, utseke. Abwana usawabere nthawi yawo, iwonso asakubere yako. Mwambi uja ndinakuponyera wa mapanga awiri, amavumbwa ndi amene akungothamangathamanga pakati osadziwa kolowa. Iwe udziwe kuti ola ili ndili uku, ola ilo ndili uko.

Za mmene ndinakulerera ndisachulutse, unalipo. Ndine ndinakusankhira dzina la Sesiliya, nkhoswe ya oyimba, kenaka n'kumadabwa kuti mwanayu bwanji sakutseka pakamwa. Ukamatsuka mbale ukuyimba, ine ndimamva bambo anga, ndipo m'malo molira ndimakalipa. "Werenga! Kwaya ikulembera mayeso?" Kuwerengako sindinalakwitse, si uyu wapeza ntchito anzako akungokhala. Koma sindinabwerepo ngakhale kamodzi kudzakuonerera pa chikondwerero cha makwaya, ndipo tsiku lija munapambana mu parishi ndinangoti, "Mwawina chiyani, thumba la chimanga?" Tsiku lina kumpotoko adzabwera mnyamata wovala bwino, wodziwa kuyankhula. Uyambe wamuyimbira. Akadzati ndi phokoso umuthawe, munthu mmodzi wotere wakukwanira pa moyo wako.

Pali chinthu chimene amayi ako akhala akundisungira, ndinawalumbiritsa ndine. Kuyambira nyengo ya Lenti ndayambiranso kusema ulimba. Ku Misesa, kumtunda kwa azakhali ako, kuli a Zuze, mkulu wakwathu amene anapuma pa ntchito ya ulonda. Ali mnyamata ankayimba ulimba, ndipo kachunidwe ka kwathu akukadziwa. Ndinakumana nawo pa maliro ena, ndinawauza nkhani yonse ya mashelefu, anaseka mpaka kutsokomola, kenaka anati, "Bwera Loweruka, koma mashini ako uwasiye ku Chirimba." Ndiye Loweruka lililonse masana ndimakhala pansi pa mtengo wa mapeyala kwawoko, kasemasema m'manja, munthu wa imvi ngati ine kumakalipiridwa ngati mwana wa sitandade 1.

Amayi ako poyamba sanadziwe. Ankangoona bambo akuweruka Loweruka osafika pakhomo, akubwera madzulo akumwetulira okha. Anaganiza zimene mkazi aliyense wa mu Zingwangwa angaganize. Loweruka lina anandilondola, minibasi yanga kutsogolo yawo pambuyo, chitenje atamanga m'chiuno mwankhondo. Anatulukira pa mpanda wa a Zuze n'kundipeza ndili chotambalala m'fumbi, tizipalamandu ta mlombwa mpaka m'mutu. Anaima, anayang'ana ine, anayang'ana mkulu wopanda mano uja. "Bambo a Sesiliya, ndiye mkazi wake ndi ameneyu?" A Zuze anati, "Mayi, mutengeni mwamuna wanu, ndi wouma mutu, sindingamukwatire." Amayi ako anakhala pa mpando mpaka tinaweruka, ndipo pobwerera mu minibasi anangondigwira bondo.

Usaganize kuti Loweruka limenelo ndinalipeza mwaulere. Foromani wa pano ndi mnyamata, msinkhu wa mwana wanga woyamba akanakhala moyo. Nditamuuza kuti Loweruka ndiziweruka 12 koloko, anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka ku nsapato. "Madala, mukudziwa kuti pa geti pali anyamata angati ofuna malo anu?" Ine ndinati, "Ndikudziwa, bwana. Lolemba mpaka Lachisanu simudzandipeza ndi mlandu, ndipo Loweruka m'mawa ndilipo." Anavomera ndi kukhosi kokha. Pano kukumveka mphekesera zoti achepetsa anthu chaka chisanathe, ndipo sindikudziwa ngati dzina langa silikhala pamwamba. Ndimaopa, ndisakunamize. Koma mantha amenewa ndi opepuka kuposa amene ndinkayenda nawo ndikadutsa pansi pa denga lija. Matabwa asanu ndi anayi atha, ndipo akulira.

Tsopano ukudzifunsa, ndipo ukuyenera kutero: munthu wosema ulimba Loweruka anganene bwanji Lachinayi kuti nyimbo ya mwana wake ndi phokoso? Apa pensulo ikundilemera. Ichi ngakhale amayi ako sakuchidziwa, ndiwauza ndikangomaliza kulemba.

Matabwa aakulu, a mawu a pansi, tinasema bwinobwino. Vuto linayamba titafika ku ang'onoang'ono. A Zuze amawomba awiri n'kundifunsa kuti lakwera ndi liti. Ine ndimangolota. Ndikalondola amati eya, ndikaphonya amati mvetsera bwino. Loweruka lina anawomba thabwa limodzi lomwelo kawiri, n'kufunsa, ine ndinayankha molimba mtima kuti lachiwiri. Anaika kamtengo pansi. "Mwana wa mnzanga," anatero, "khutu lako lapita kuti?" Ndinati ndi chimfine. Koma ndinkadziwa. Magetsi akazima ku kampani mashini onse n'kuima, anzanga amati kwachita bata, ine m'mutu mwanga mumakhala mukulira nyenje. Wailesi ija mumadandaula kuti ndimakweza ngati ya m'bala, ndi nthawi zija umandiitana kuchokera kukhitchini ine osayankha iwe n'kumati Baba akunyada, sikunali kunyada.

Ndinapempha chilolezo cha m'mawa umodzi ndinapita ku chipatala chachikulu. Anandiveka zomvera m'makutu, n'kundiuza kuti ndikamva kulira ndikweze dzanja. Ndinakhala nthawi yaitali dzanja lili pa bondo, ndikuganiza kuti sanayambe, kufikira nditaona nkhope ya mtsikana wopimayo. Dokotala anandifunsa ntchito imene ndimagwira, nditamuuza anangogwedeza mutu. Akuti mashini andidya makutu pang'onopang'ono zaka zonsezi. Akuti amayamba kuthawa ndi mawu ang'ono, okwera, ngati a mbalame ndi a atsikana, enawo amatsatira. Khutu lakumanzere latsala dzina lokha, lakumanja likulondola. Akuti ndizitseka makutu pa mashini kuti otsalawo achedweko, ndipo ndayamba, koma chimene chapita sichibwerera. Limenelo linali Lachinayi m'mawa, Sesiliya. Lachinayi lomwe lija.

Madzulo ake unaima pafupi ndi chitseko ndi anzako awiri, nonse a mawu okwera. Ndinaona milomo yanu ikuyenda. Ndinamva kuwomba m'manja, ndinamva mabenchi akugwedera, ndipo pamwamba pake panali chinthu chosokonekera ngati wailesi yosagwira siteshoni. Ndinayang'ana uku ndi uku: azimayi akulira, amayi ako akulira, ngakhale a tcheyamani a mphakati amene sadziwa Chisena maso ali psuu. M'nyumba monse munthu mmodzi yekha amene sanaimve nyimboyo anali bambo ako. Ndiye unandifunsa. Ndikanati, "Mwananga, sindinamve, makutu anga afa." Mawu asanu okha. Koma pamaso pa anthu, ine kalipentala wamkulu, mwana wa katswiri wa ulimba? Mbewa ya manyazi inafera kuuna, koma yanga inayamba yaluma mwana wake. Ndinatenga chilema cha khutu langa n'kuchisandutsa chiweruzo cha nyimbo yako. Nyimbo imene wafuna kuiwotcha chifukwa cha mawu anga, ine sindikuidziwa n'komwe.

Sindikukuuza izi kuti undimvere chisoni n'kusiya ulendo. Basi ya mawa ukwere, ndikunyamulira sutikesi mpaka ku depoti ya Wenela, foromani ndamuuza kale kuti ndichedwa. Ukafike, ukagwire ntchito yoti anthu akamatchula dzina lako azitchula mwaulemu. Lamulungu loyamba ukadzionetse kwa akwaya, ukaphunzire ndi nyimbo zawo za Chitumbuka, koma Misa yako ya Chisena uimalize. Amayi ako akuti kwatsala nyimbo ziwiri, ya pa mgonero ndi yotulukira. Masamba amene apsa uwalembenso msanga mutu usanadzaze ndi za kuchipatala. Mawu a Chisena akakuvuta, uwayimbire foni azakhali ako, alibe zochita, angakondwe. Ntchito ndi manja awiri, nyimbo pa nthawi yake, ndabwereza kokwanira.

Nyimbozi ndi zako, si zanga, ndipo ndilibe ufulu wokuthamangitsa pa chinthu chimene ndakhala ndikuchipondereza zaka zonsezi. Ukandikwiyirabe ndimvetsa. Koma ndikanama ndikati palibe changu. A Zuze akuti matabwa ang'onoang'ono otsalawo adzachuna okha, ine ndizingosema iwo azimvera, ndipo ndavomera, ulimbawo udzalira bwino kwa ena. Koma nyimbo zako sindinathe kuvomera kuti nazonso zilire kwa ena okha. Pa foni usavutike kundiyimbira, foni imandipatsa mawu ophwanyika. Ndikufuna udzakhale kumanja kwanga, pafupi, udzatsitse mawu mmene ungathere, udzayambe yolowera mpaka yotulukira, ine ndidzamve ndi khutu langa Misa imene mwana wanga anapeka.

Ndinamufunsa dokotala kuti lakumanjali latsala ndi nthawi yaitali bwanji. Anati zimenezo sanganene. Ine ndadziwerengera ndekha mmene likuthawira. Khirisimasi ino ndikhala ndikumvabe. Ya chaka chamawa sindikulonjeza.

Mulungu akutsogolere pa msewu wautaliwo, ndipo undikhululukire ukatha kutero.

Ndine bambo ako,
Anastaziyo